Phunziro 4: Mau a Hamani ndi Kuphedwa kwa Ayuda ku Ulaya

Kowerenga: Estere 3:1-15 ndi 4:10-17, Aroma 11:17-24. Vesi loloweza: Miyambo 24:11.

Cholinga: Ana adziwe zimene zinaonekera Ayuda pakati pa 1933 ndi 1945, ndi kuti kupha mtundu wa anthu kumayambira pa mau.

KWA MPHUNZITSI

Phunziro ili laikidwa pa Lamulungu lotsiriza la Januwale. Tidziwa kuti ino ndi nyengo yovuta. M'minda ya fodya anthu ali kalikiriki kuthyola ndi kusoka, ana amafika ku kalasi atatopa, manja ali bii ndi utomoni, ena asanalawe kanthu, ndipo mvula ikhoza kukubalalitsani musanamalize. Komabe musalidumphe. Pa 27 Januwale 1945 asilikali a Soviet Union analowa mu msasa wa Auschwitz ku Poland, napeza anthu pafupifupi 7,000 ali mafupa okhaokha, otsala pa unyinji umene unaphedwa kumeneko. M'chaka cha 2005 bungwe la United Nations linapatula tsikuli kuti maiko azikumbukira Ayuda 6,000,000 amene boma la Adolf Hitler ndi olithandiza anawapha. Kupulula mtundu kumeneku azungu amakutcha Holocaust, ndipo eni ake amati Shoah, ndiko kunena chionongeko.

Wina mwa inu afunsa kuti, "Nanga ife a ku Kasungu za Ayuda zitikhudza pati? Kuchokera ku Santhe kukafika ku Nkhamenya palibe sunagoge, ndipo ana athu sanamuonepo Myuda ndi maso." Yankho lake lili m'kamwa mwanu momwemo. Tawerengani kuti pa chaka mumatchula kangati dzina lakuti Ayuda pamaso pa ana. Mwana wa kuno amayamba kumva za Myuda kwa mphunzitsi wa Sande Sukulu, ndipo chithunzi chimene mumuikira m'mutu akali wamng'ono ndicho adzakalamba nacho. Mmera mpoyamba.

Chaka china pa Pasaka ndinaonerera sewero la ana pa nyumba ina ya mapemphero ya pa esiteti. Mphunzitsi wake anali wachangu, ndipo anakonza bwino. Koma pogawa mbali, Yesu, Petro ndi Mariya anali ana a eni mudzi ndi a kapitawo, pamene gulu lofuula pamaso pa Pilato anapatsa ana a matenanti ochokera ku Mulanje ndi ku Phalombe, nawapaka makala kumaso. Anthu anaseka kwambiri. Patapita masabata angapo ndinamva kamnyamata kakuzazira mnzake pa chitsime kuti, "Choka apa, Myuda iwe, munapha Yesu!" Mphunzitsi uja sanafune choipa ai. Koma tsiku limodzi lokha anaphunzitsa ana mabodza awiri: kuti Myuda ndiye woipa wa m'nkhani iliyonse, ndi kuti mwana wa wobwera ndiye woyenera kusenza dzina loipalo.

NKHANI YA M'BAIBULO

Ana amaikonda nkhani ya Estere chifukwa imatha bwino, ndipo ife timathamangira ku phwando la mfumukazi ndi ku mtengo umene Hamani anapachikidwapo. Lero chedwani pa mutu 3. Amene anakwiyitsa Hamani anali munthu mmodzi yekha, Moredekai, wokana kumgwadira pa chipata cha mfumu. Koma Hamani anaona kuti kulanga mmodzi n'kochepa. Anafuna mtundu wonse wa Moredekai m'zigawo zonse 127 za ufumu wa Ahaswero. Tili ndi mwambi wakuti ikaola imodzi zonse zaola. Mwambiwu ndi woona pa nsomba za m'dengu, koma tikaunena za anthu talankhula chinenero cha Hamani.

Taonani mmene anafikira kwa mfumu pa vesi 8. Dzina la mtunduwo sanalitchule. Anangowaneneza kuti ndi obalalika pakati pa eni dziko, kuti makhalidwe awo ndi achilendo, kuti samvera boma, ndi kuti mfumu sipindula nawo kanthu. M'mau akewo munali choona pang'ono, pakuti Ayuda analidi obalalika, ndipo anali ndi malamulo awo a chakudya ndi a Sabata. Bodza lopha anthu limakhala lotero kawirikawiri: pamwamba ufa, pansi mankhwala a makoswe. Kenaka analonjeza siliva, mfumu inavula mphete osafunsa funso ndi limodzi lomwe, alembi analemba makalata, amtokoma anathamanga nawo, ndipo akuluakulu awiriwo anakhala pansi namwa, mzinda wa Susani uli pa chisokonezo. Ana aone kuti Hamani sanagwire lupanga. Ntchito yake inali ya pakamwa ndi ya pa pepala.

ZIMENE ZINACHITIKA KU ULAYA

Hitler analowa pa ulamuliro wa Germany pa 30 Januwale 1933. Ayuda m'dzikomo anali pafupifupi 500,000, osakwana mmodzi pa anthu 100 alionse. Anali madokotala, atelala, eni sitolo, aphunzitsi, ndipo pafupifupi 12,000 mwa iwo anafera Germany pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Koma Germany anagonja mu 1918, ndalama inatha mphamvu, ntchito zinasowa, ndipo chipani cha Nazi chinauza anthu ovutikawo kuti mavuto onse abwera ndi Ayuda. Munthu wa njala sachedwa kukhulupirira womuuza amene wamudyera.

Sanayambe ndi kupha. Mu Epulo 1933 anauza anthu kuti asagule m'sitolo za Ayuda, nachotsa Ayuda pa ntchito za boma. Mu 1935 malamulo a ku Nuremberg anawalanda unzika naletsa ukwati pakati pa Myuda ndi Mjeremani. Munthu ankawerengedwa Myuda poyang'ana agogo ake, ngakhale iye mwini ali wobatizidwa ndi wodya Mgonero. Usiku wa pa 9 Novembala 1938 masunagoge mazanamazana anatenthedwa, magalasi a sitolo anaphwanyidwa, ndipo amuna pafupifupi 30,000 anatengedwa kupita ku misasa ya ukaidi. Sabata isanathe, ana a Chiyuda anathamangitsidwa m'sukulu za boma. Pa sitepe iliyonse anansi ankaona, ndipo ambiri ankati izi sizitikhudza.

Nkhondo itayamba mu Seputembala 1939, Ayuda a ku Poland anaunjikidwa m'zigawo za mizinda zotchingidwa ndi malinga. Ku Warsaw anthu oposa 400,000 anapanikizidwa m'kadera kakang'ono, ndipo njala ndi matenda zinapha zikwizikwi. Mu 1941 Myuda aliyense wa ku Germany wa zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposa anakakamizidwa kuvala nyenyezi yachikasu pa chifuwa. Chaka chomwecho magulu a asilikali ndi apolisi anayamba kuombera Ayuda m'maenje kum'mawa kwa Ulaya. Pa chigwa cha Babi Yar, pafupi ndi mzinda wa Kyiv, anapha anthu 33,771 m'masiku awiri, ndipo chiwerengerochi anachilemba ndi akuphawo eni ake.

Pa 20 Januwale 1942 akuluakulu 15 a boma, ambiri mwa iwo ophunzira kwambiri, anakumana m'nyumba yokongola ku Wannsee, ku Berlin, kuti agwirizane za kayendetsedwe ka ntchito yotsiriza Ayuda onse a ku Ulaya. Msonkhano unatenga ngati ola limodzi ndi theka. Adolf Eichmann, amene analemba zokambiranazo, ananena pa mlandu wake ku Yerusalemu mu 1961 kuti utatha msonkhano iye ndi mabwana ake anakhala pansi kumwa mowa. Werenganinso Estere 3:15. Pambuyo pake sitima zinayamba kututa anthu m'mabogi a katundu ndi a ng'ombe kuchokera ku France, Netherlands, Greece, Hungary ndi kwina, kupita ku misasa imene inamangidwira kupha ndi mpweya wa poizoni. Ku Auschwitz kunafa anthu pafupifupi 1,100,000, ambiri ndithu Ayuda. Ku Treblinka pafupifupi 900,000.

Ziwerengero zotere sizilowa m'mutu, tsono ziyerekezeni ndi za kwathu. Kalembera wa 1977 anapeza kuti m'Malawi monse munali anthu pafupifupi 5,500,000. Ayuda ophedwa anaposa pamenepo: kuyambira ku Chitipa kufika ku Nsanje osatsala munthu, ndipo chiwerengero sichinakwanebe. Ana okha anali pafupifupi 1,500,000, pamene boma lonse la Kasungu pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 800,000 pang'ono. Anazi anaphanso anthu a mtundu wa Roma, olumala, akaidi a nkhondo a ku Soviet Union, anthu ambiri a ku Poland, ndi a Mboni za Yehova. Koma mtundu umene analumbira kuutsiriza kulikonse angaupeze, kufikira khanda la kumsana, unali wa Ayuda.

APHUNZITSI AWIRI

Gawo ili ndi lanu makamaka. Julius Streicher anali mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale ku Nuremberg. Mu 1923 anayambitsa nyuzipepala yotchedwa Der Stürmer, imene ntchito yake inali kunyoza Ayuda sabata ndi sabata. Mu 1938 kampani yake inasindikiza buku la ana lotchedwa Der Giftpilz, kutanthauza bowa wakupha, ndipo wolemba wake, Ernst Hiemer, analinso mphunzitsi. Bukulo liyamba ndi mai ndi mwana wake akuzula bowa m'nkhalango. Mai aphunzitsa mwanayo kusiyanitsa bowa wodyedwa ndi wakupha, kenaka amuuza kuti Myuda ali ngati bowa wakupha uja pakati pa anthu. Inu amene mwezi uno mumalowa m'tchire ndi ana anu kukafuna bowa, mudziwa mphamvu ya fanizo limeneli. Kunena zoona, anatsata njira zonse zimene timaphunzitsana pa misonkhano ya aphunzitsi: nkhani yaifupi, chithunzi chokopa, fanizo la chinthu chimene mwana amachidziwa, ndi mau oloweza kumapeto. Luso analinalo, koma chimene anathira m'luso limenelo chinali ululu. Streicher sanayang'anire msasa uliwonse wophera anthu, komabe bwalo la milandu la ku Nuremberg linampeza wolakwa chifukwa cha zolemba ndi zolankhula zake, ndipo anapachikidwa pa 16 Okutobala 1946.

Wachiwiri ndi Janusz Korczak, Myuda wa ku Warsaw, dokotala wa ana amene kuyambira 1912 anayang'anira nyumba ya ana amasiye. Ankawalola anawo kukhala ndi bwalo lawo la milandu ndi nyuzipepala yawo. Ayuda atatsekeredwa m'linga, iye ankayendayenda kupempha mbatata ndi ufa kuti ana adye. Abwenzi ake anampezera njira yothawira, koma anakana. Mu Ogasiti 1942 asilikali anabwera kudzatenga ana pafupifupi 200. Korczak ndi mnzake pa ntchito, mai Stefania Wilczyńska, anawandandalika bwinobwino nayenda nawo kupita ku sitima ya ku Treblinka. Palibe anabwerako.

MLANDU WA EKLESIA

Apa tisabise. Hitler anakolola m'munda umene Akhristu analima kwa zaka mazana ambiri. Mu 1144 ku Norwich, ku England, kamnyamata kanapezeka katafa, ndipo inabuka mbiri yabodza yakuti Ayuda amapha ana a Akhristu. Pambuyo pake anaonjezapo kuti amafuna magazi awo. Mliri waukulu utagwa mu 1348 ndi 1349 anati Ayuda athira poizoni m'zitsime, ndipo ku Strasbourg anatentha Ayuda mazanamazana. M'maiko ambiri sabata ya Pasaka inali nthawi yoti Myuda atseke chitseko ndi kubisa ana, pakuti anthu ankatuluka m'tchalitchi ali ndi miyala m'manja. Ngakhale Martin Luther, amene timamlemekeza chifukwa cha kukonzanso Eklesia, mu 1543 analemba buku lolangiza kuti masunagoge atenthedwe, ndipo Anazi anagwiritsa ntchito mau ake mokondwa. M'masiku a Hitler abusa ena anafuna kuchotsa Chipangano Chakale m'mpingo, ndipo mu 1939 anatsegula bungwe ku Eisenach lofuna kuonetsa kuti Yesu sanali Myuda. Abusa okana zimenezi anasonkhana ku Barmen mu 1934 nalemba chivomerezo chabwino chotsutsa kulowerera kwa boma m'mpingo, koma za Ayuda sanalembemo kanthu.

Nanga mwana akakufunsani kuti anapha Yesu ndani, mudzayankha chiyani? Yambani ndi ichi: Yesu mwini anali Myuda, wodulidwa tsiku lachisanu ndi chitatu, wolowa m'sunagoge pa Sabata. Mariya, Petro, Yohane, Paulo, ndi anthu 3,000 obatizidwa pa Pentekoste anali Ayuda. Ana ena amasokoneza dzina la Yudase ndi mau akuti Myuda. Auzeni kuti ophunzira onse khumi ndi awiri anali Ayuda, wopereka ndi okhulupirika omwe. Amene anapangana za kumgwira anali kagulu ka akulu a ansembe ndi atsogoleri ena, ndipo anachita usiku chifukwa choopa anthu wamba amene ankamkonda. Pamene Uthenga wa Yohane unena kuti Ayuda anamtsutsa, kawirikawiri ukunena atsogoleri amenewa. Mtanda unali chilango cha Aroma, wolamula anali Pilato, ndipo m'Chikhulupiriro cha Atumwi dzina limene timatchula ndi la Pilato. Mau a khamu pa Mateyu 27:25 musawaphunzitse ngati temberero lotsata mtundu wonse. Gulu laukali silingathe kulamulira chiweruzo cha Mulungu. Ezekieli 18:20 akana kuti mwana asenze mphulupulu ya atate wake, ndipo Ambuye pa mtanda anapempherera omupachika. Koposa zonse, Yesaya 53 aloza chala kwa ife tonse. Mphunzitsi amene apereka imfa ya Yesu kwa Ayuda okha wadzichotsa yekha pa mzere wa ochimwa amene Yesu anawafera.

Fanizo la Paulo pa Aroma 11 ana a alimi alimva msanga. Amene anaonapo kumezanitsa mango adziwa kuti nthambi yomezetsedwa imamwa madzi a tsinde limene inalipeza. Ife a mitundu ndife nthambi yobwera. Paulo atichenjeza kuti tisadzitame, ndipo anena poyera kuti Mulungu sanataye anthu ake.

PAFUPI NDI KWATHU

Nkhaniyi inafika ndi kuno komwe. Mu Julayi 1938 maiko 32 anakumana ku Evian, ku France, kukambirana za Ayuda othawa, ndipo pafupifupi onse anapepesa kuti alibe malo. Chaka chomwecho boma la Britain linafunsa abwanamkubwa a maiko amene linkalamulira, kuphatikizapo Nyasaland ndi Northern Rhodesia, ngati angalandire othawa, ndipo yankho linali lakuti mwina ochepa chabe. Ku Northern Rhodesia analowa mazana ochepa. Mu 1941 Angelezi anasamutsa Ayuda othawa amene anali pa chilumba cha Cyprus, ndipo kagulu kena anabwera nako ku Tanganyika ndi kuno ku Nyasaland. Chitseko cha kuno chinatsegulidwa pang'ono chabe, pamene malo analipo.

Mu 1938 mnyamata wa zaka 13, Simon Zukas, anafika ku Northern Rhodesia kuchokera ku tauni ya Ukmergė ku Lithuania. Patangopita zaka zitatu, mu Seputembala 1941, Ayuda oposa 4,000 a kwawoko anaomberedwa tsiku limodzi. Zukas atakula anaima pamodzi ndi Aafirika kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1952 atsamunda anamthamangitsira ku Britain. Anabwerera Zambia atalandira ufulu, nadzakhala nduna ya boma, ndipo anamwalira mu 2021. Tsono tamverani ichi: Sir Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganya chimene makolo athu anachikana, nayenso atate ake anali Myuda wochokera ku Lithuania. Wina anamanga chitaganya, wina anamangidwa chifukwa chochikana. Munthu akadzayamba chiganizo ndi mau akuti "Ayuda onse", mukumbutseni za amuna awiriwa.

Ndipo tisaganize kuti mtima wa Hamani ndi wa azungu okha. Mu 1967 boma la dziko lino linaletsa Mboni za Yehova, ndipo mu 1972, chifukwa chokana kugula makadi a chipani, anamenyedwa, anachotsedwa ntchito, nyumba zawo zinatenthedwa, ena anaphedwa, ndipo zikwi zambiri anathawira ku Sinda Misale ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Sitigwirizana nawo pa chiphunzitso, koma agogo ambiri a m'mipingo yathu akumbukira utsi wa nyumba za anansi awo, ndipo akumbukiranso kuti anakhala chete. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma oyandikana nawo: bodza la magazi lomwe lija la ku Norwich, litavala zovala za kwathu. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli anthu amene anathawa ku Rwanda, kumene mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100, wailesi itayamba yawatchula kuti mphemvu. Sitikunena kuti zonsezi ndi zolingana ndi Auschwitz. Kutero kungakhale kunama. Tikunena kuti mbeu yake ndi imodzi. Katekisma wa Heidelberg pofotokoza lamulo lachisanu ndi chimodzi aphunzitsa kuti Mulungu adana ndi muzu wa kupha, ndiwo kaduka, chidani, mkwiyo ndi mtima wobwezera.

Ana okulirapo adzabwera ndi zimene aona pa foni. Ena awerenga pa Facebook kuti Ayuda ndiwo amagwira ndalama za dziko lonse mobisa. Bodza limeneli linafalitsidwa ndi buku lopeka limene linatuluka ku Russia mu 1903, ndipo nyuzipepala ya The Times ya ku London inaulula chinyengo chake mu 1921. Ena amva kuti kuphedwa kwa Ayuda sikunachitike. Auzeni kuti umboni waukulu ndi mapepala a Anazi eni ake, ndi kuti ku Yad Vashem, nyumba ya chikumbutso imene inakhazikitsidwa ku Yerusalemu mu 1953, asonkhanitsa maina a ophedwa oposa 4,500,000. Enanso adzafunsa za nkhondo ya ku Gaza imene inayamba mu Okutobala 2023, makamaka amene abale awo anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Musalowe m'ndale. Nenani kuti zochita za boma la Israel zikhoza kuweruzidwa monga za boma lina lililonse, koma mlandu wa boma suli pa mwana wa Chiyuda wa ku Johannesburg kapena ku London; ndiponso kuti kulira maliro a Ayuda si chilolezo chodana ndi Aluya kapena Asilamu amene timagula nawo pa msika umodzi.

AMENE ANATSEGULA ZITSEKO

Moredekai anauza Estere kuti kukhala m'nyumba ya mfumu sikudzampulumutsa, ndipo Estere analowa kwa mfumu osaitanidwa, akudziwa kuti akhoza kufa. Anthu otere analiponso ku Ulaya, ngakhale anali ochepa. Ku Le Chambon-sur-Lignon, mudzi wa kumapiri ku France, mbusa André Trocmé ndi mai busa Magda anatsogolera alimi osauka a mpingo wa chikhulupiriro chonga chathu, ndipo mudziwo ndi midzi yozungulira anabisa anthu zikwi zingapo, ambiri a iwo ana, m'nyumba, m'sukulu ndi m'makola. Makolo a alimiwo anazunzidwapo kale chifukwa cha chipembedzo, ndipo iwo sanaiwale. Daniel Trocmé, mphunzitsi, anagwidwa pamodzi ndi anyamata amene ankawasunga, nafera ku msasa wa Majdanek mu 1944. Ku Haarlem, ku Netherlands, banja la ten Boom la mpingo wa Dutch Reformed, okonza mawotchi, linamanga kachipinda kobisika kuseri kwa khoma. Anagwidwa pa 28 Febuluwale 1944. Gogo Casper, wa zaka 84, anamwalira m'ndende patapita masiku khumi. Betsie anafera ku Ravensbrück. Corrie anatuluka wamoyo nadzasimbira dziko.

KAPHUNZITSIDWE

Ana a zaka zosakwana khumi musawafotokozere za maenje ndi mpweya wa poizoni. Kwa iwo ikwana nkhani ya Estere, ya ana ochotsedwa sukulu chifukwa cha mtundu wawo, ndi ya mudzi umene unabisa alendo. A kalasi yaikulu auzeni zonse, koma modekha, osakometsera ndi osaonetsa zithunzi za mitembo. Musachititse sewero la nkhaniyi, ndipo musagawe ana kuti awa akhale Ayuda, awa asilikali. Chimene chiyamba ngati phunziro chimakathera ku chitsime.

Funsani ana kuti Hamani anawaneneza zotani Ayuda, ndipo mau onga amenewo anawamvapo akunenedwa za yani m'mudzi mwawo kapena pa esiteti. Apa khalani tcheru. Adzatchula matenanti, Atumbuka, Alomwe, Maburundi, agogo oganiziridwa ufiti, anzathu achialubino. Mwina m'kalasi momwemo muli mwana wa gulu lotchulidwalo. Musamuloze, ndipo musalole kuseka. Funsaninso kuti akadakhala ku Le Chambon, mlendo akadamgoneka pati, ndipo akadadya chiyani mwezi wa njala ngati uno.

Ayuda akapita ku manda amasiya kamwala pa chiliza. Tumani ana asanu ndi mmodzi atole mwala aliyense, auike pa tebulo, mwala umodzi kuimira anthu 1,000,000, ndipo kalasi ikhale chete kamphindi musanapemphere. Uzani akulu a mpingo zisanachitike kuti uku sikupembedza mizimu kapena kupempherera akufa, koma kukumbukira monga Yoswa anaimika miyala ya ku Yordano. Popemphera, vomerezani tchimo la Eklesia, pemphererani Ayuda a lero, othawa kwawo a ku Dzaleka, ndi ana onse okhala m'maiko a nkhondo.

Miyala ija musaitaye. Isungeni m'bokosi la kalasi kufikira nyengo ya Pasaka, ndipo tsiku logawa mbali za sewero muiikenso pa tebulo. Mbalizo zilembedwe pa timapepala, ana atole m'chipewa, ndipo makala atsale ku khitchini.